Mlamba wa m'Chitsime cha Enos Sakala

Mvula itangokhazikika, Maggie anayambanso kutsegula m'mimba. Anali asanakwanitse zaka ziwiri. Mayi ake, Mainess, ankachapa matewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma matewerawo sankauma chifukwa kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Mwanayo anasiya kusewera. Maso analowa m'kati, ndipo akamalira misozi sinkatuluka.

Mainess anali atawaonapo kale maso amenewa. Mwana wake woyamba, Abraham, anadwala chimodzimodzi mvula ya dzana, ndipo anamuika m'manda chimanga chisanakhwime. Anthu anati linali liwombo. Mainess ankamutchabe amake Abraham, iye n'kumavomera.

Izi zinachitika ku komboni ya Kanyama m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkaimira pamzere, ndipo mipopi tinkangomva kuti yafika ku komboni ya George. Kanyama wa nthawi imeneyo anali ndi malo opumira. Pakati pa nyumba pankamera udzu. Kumalire kwa sekishoni yathu kunali maenje awiri amene anthu okumba miyala ya laimu anawasiya, lalikulu kumunsi ndi laling'ono kumtunda, ndipo onse ankakhala ndi madzi chaka chonse. Lero pamalopo pali bala ndi mulu wa mapulasitiki, ndipo anyamata ukawauza kuti munkasambiramo amakuyang'ana ngati waledzera. Koma tisiye zimenezo.

Mwamuna wa Mainess, Enos Sakala, anali wa ku Katete, kum'mawa. Ankanyamula matumba ku mafakitale. Atafika ku Kanyama anakumba chitsime pakhomo pake, kuswa thanthwe ndi hamala ndi tchizulo mpaka madzi anatuluka. Kenako anachita zimene anaona bambo ake akuchita kumudzi: anaponyamo mlamba wamoyo. Ankati mlamba umadya tizilombo, ndipo madzi akaipa kapena wina akathiramo mankhwala, nsombayo ndiyo iyambe kufa. Ankautcha mlonda wake. Mabanja ambiri a m'sekishoni ankatunga pa Enos chifukwa cha mlonda ameneyu.

Madzulo ena Enos atabwera kuntchito, Mainess anamulandira atabereka Maggie.

"Atate ake Abraham, mwana sakusintha. Kapena ndi madzi."

"Madzi ati?"

"Omwe timamwa."

Enos anamutenga pa dzanja n'kupita naye pachitsime, nachotsa lata lomwe ankavundikirira. Pansi madzi anali mbee, ndipo mlamba unatembenuka pang'onopang'ono, wonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu.

"Uyo mlonda. Akuoneka wodwala?"

"Ayi."

"Ndiye madzi alibe mlandu. Ndi mano awa, mwana akumera mano."

"Nanga nditamawiritsa ake okha?"

"Uwiritse madzi a m'chitsime changa anthu akuona? Mawa sekishoni yonse idzati Sakala amamwetsa anthu zoipa."

Mawu awa anawamva Hilda Chileshe, amene ankadutsa ndi mtolo wa masaka pamutu. Hilda anali Mbemba wa ku Kasama. Ankagula masaka a ufa otha ntchito, kuwachapa, kuwanyika mu utoto, n'kusoka madiresi a ana ogulitsa kumsika. Nyumba yake inali kutsidya kwa njira, kuseri kwa nyumba zina ziwiri. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi pachimbuya: amanyozana, amatukwanana ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Hilda ndi Enos sankadutsana osalumana.

"Ba mbuya," anatero Hilda, "mukali kupembeza nsomba?"

"Tamverani, anthu odya anyani ayamba kuphunzitsa za madzi."

"Nyani ni nyama, mbuya. Mbeba zanu ni makoswe chabe yoyenda ku chalichi." Anatsitsa mtolo wake n'kusuzumira m'chitsime. "Koma mverani. Ine nakulila ku mtsinje wa Chambeshi, batate benze bopha nsomba. Mulamba unkhala mu matope, unkhala mu vonunkha, ungankhale na mu chimbuzi. Siufa. Uyu mulonda wanu azakuikani imwe m'manda."

Enos anaseka mpaka kugwira mawondo. "Mwaimva nsanje? Akufuna ndimupatse akadye."

"Awe, siniseka. Nikamba vazoona."

"Mbuya akati akunena zoona, dziwani kuti bodza lakula."

Hilda anayang'ana Maggie kumsana kwa mayi ake, anatsegula pakamwa, koma Enos anali atayamba kale nthabwala ina ya michira ya anyani. Hilda anasenza mtolo wake napita. Ili ndilo vuto la chimbuya: chimakulola kunena chilichonse, koma sichikakamiza aliyense kumva.

Mvula inagwa mwamphamvu sabata imeneyo. Tsiku lina m'mawa, amayi ataima pamzere ndi ndowa zawo, Mainess anaponya chitini m'chitsime n'kukoka chingwe. Atathira m'ndowa yake yoyera, anangoima.

Madzi anali ofiira. Sikunali kufiira kwa dothi la mvula. Anali ngati madzi otsukira nyama.

Mainess anakhala pansi pamatope pomwepo. Maud, mayi wa nyumba yoyandikana, anasuzumira m'ndowamo n'kubwerera cham'mbuyo.

"Magazi," ananong'ona. "Wagweramo munthu. Ana anu ali kuti? Aliyense aone ana ake."

Amayi anabalalika kuitana ana awo mayina. Enos anatuluka m'nyumba malaya ali kumanja. Anagona chafufumimba pakamwa pa chitsime n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Munalibe munthu. Munali madzi ofiira okhaokha, ndipo m'kati mwake mlamba unkasambira mwaufulu, ndevu zake zikugwedezeka.

Anthu anachuluka. Ena anayamba kutchula za ufiti. Ba Blackson, tcheyamani wa sekishoni, anafika atavala baji ya Chipani pa jekete la pamwamba pa kabudula, nalamula kuti pasapezeke wokhudza ndowayo.

Hilda anafika pomaliza. Manja ake anali ofiira mpaka m'zigongono. Anthu anamupatsa njira osauzidwa. Anawerama, ananunkhiza madziwo, kenako anang'amba kansalu koyera pa chitenje chake cha m'kati n'kuviika. Kanatuluka kofiirira.

"Aya si magazi," anatero. "Ni utoto wanga."

Enos anadzuka. Kwa nthawi yoyamba chikhalireni m'sekishoni imodzi, sanamutche mbuya. "Mayi Chileshe, mwathira utoto m'chitsime changa?"

"Awe. Sinafikeko kuno. Nenze kunyika masaka dzulo, ya madiresi ya Khisimisi. Manzi yosala mu diramu nataya."

"Munataya kuti?" anafunsa Ba Blackson.

Hilda anayang'ana kutsidya kwa njira, kuseri kwa nyumba ziwiri zija, kumene kunkaoneka kadenga ka malata akale.

"Mu chimbuzi."

Aliyense anayang'ana kadenga kaja, kenako ndowa, kenako kadenga kaja kachiwiri. Maud anagwira pakamwa n'kuthamangira kuseri kwa nthochi. Bambo wina amene anali atamwa kale tiyi m'mawa umenewo analavula, n'kulavulanso. Hilda mwiniwake anayang'ana manja ake ngati si ake.

Mainess analankhula ali pansi pomwepo, mawu ake otsika kwambiri. "Ndiye kuti Abraham ankamwa..."

Enos anayang'ana m'chitsime kachiwiri. "Koma ali moyo," anatero ngati akudzilankhulira. "Nsomba ili moyo."

Hilda ndiye anayamba kuganiza. Analowa m'nyumba ya a Sakala osapempha, natuluka ndi Maggie, amene mutu wake unkangogwera uku ndi uku. "Bamake Abraham, imani. Vokamba tizakamba. Tiyeni ku kiliniki manje. Tengani na manzi aya mu botolo."

Ku kiliniki anamwino anatsina khungu la pamimba pa Maggie, ndipo linakhala chotukuka osabwerera. Anamugoneka nthawi yomweyo n'kumuika diripu. Anauza Mainess kuti chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo liwombo likalowa ndiye kuti madziwo atha kale. Anamuonetsa kasakanizidwe ka madzi owiritsa, mchere ndi shuga, kuti azimumwetsa pang'onopang'ono akatuluka. Botolo la madzi ofiira analipereka kwa Ba Kasoma, wothandiza zaumoyo amene ankayendera makomboni pa njinga.

Ba Kasoma anafika ku sekishoni masana. Anapeza Enos atakhala pamwala pafupi ndi chitsime, anthu atamuzungulira chapatali. Anamupatsa moni mwaulemu, kenako anatola chidutswa cha thanthwe chimene Enos anaswa pokumba, n'kuchikweza kuti onse aone. Chinali ndi timabowo ngati chisa cha chiswe.

"Pansi pa Kanyama ponse pali mwala uyu," anatero. "Kwanu ku Katete, ba Sakala, dothi limasefa manzi. Kuno kulibe chosefa. Manzi yayenda mu ming'alu monga mu paipi. Mvula ikachuluka, manzi ya pansi yakwera, yafika mu vimbuzi, yapitiliza mu vitsime. Pamene munakumba, vimbuzi venze vingati kuno?"

"Zitatu kapena zinayi," anayankha Enos.

"Manje?"

Enos anayang'ana mozungulira. Nyumba iliyonse inali ndi kadenga kake kuseri.

"Simunalakwe kufuna mulonda," anapitiriza Ba Kasoma. "Nzeru ya batate banu ni yabwino. Chamoyo chimadziwa manzi kupambana maso yathu. Koma mulamba upuma mpweya monga ine na imwe. Manzi yakaola, ukwera pamwamba, upuma, ubwerera. Nsomba zonse zikafa, wosala ni uyu. Munasankha mulonda amene sauka olo nyumba ipye."

Ndinawerengapo kuti kutsidya kwa nyanja, anthu okumba malasha ankalowa pansi ndi kambalame m'khola. Sankatenga khwangwala. Ankatenga kofooka, kamene kamagwa mpweya woipa usanafike pa mphuno ya munthu. Ba Kasoma sanatchule za mbalameyo, koma mfundo yake inali yomweyo.

"Nanga tiikemo nsomba yanji?" anafunsa Enos.

"Mu chitsime musaike chilichonse. Chitsime ni chovundikira. Poyang'ana ni kwina. Manzi ya mu maenje yaja ni yamene aya ya pansi, yangoonekela chabe. Tiyeni."

Anthu anamutsatira mpaka ku dzenje lalikulu la kumunsi. Mainess anali atabwera kudzatenga zovala za mwana, Hilda atatsala ku kiliniki, ndipo nayenso anatsatira. M'mphepete mwa dzenjelo munali ndere zobiriwira zokhuthala ngati bulangete.

"Tifuna vizindikilo," anatero Ba Kasoma. "Vinthu vamene vizatiuza kuti manzi yayamba kusintha. Ndani ali na ganizo?"

Ba Blackson anatsokomola. "Fungo. Manzi yakanunkha, ninshi yaipa. Ni vapafupi."

"Ba cheyamani, manzi ya ba Sakala yenze kununkha?"

"Awe."

"Fungo ibwela pothela, monga bapolisi." Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyamba tsiku limenelo.

"Achule," anatero Maud. "Kwathu amati kumene kuli achule kuli madzi abwino."

"Nanga mwezi wa Juni muwamva?"

"Ayi, amakhala chete."

"Ndiye tikawasowa tizaziba bwanji ngati bathawa manzi kapena ni nyengo chabe? Elo benangu babikila mazila na mu ngalande za pa mseu. Tifuna chinthu chamene chinkhala pano chaka chonse, chamene sichipilila." Anatembenukira kwa amayi. "Imwe muchapa pano masiku yonse. Kale penze chani chamene palibe manje?"

Amayi anayang'anana. Mainess ndiye anayankha, maso ali pamadzi.

"Timatemba. Nditangobwera kumene, ukaima m'madzi tinkakujompha m'mapazi. Ndipo ukatukula mwala woti uchapirepo, pansi pake pankathawa tizilombo ta michira itatu. Atombolombo ankatera pa zovala."

Ba Kasoma anavula nsapato, analowa m'madzi n'kutukula mwala. Pansi pake panali matope akuda, ndipo m'matopemo munkanyongoloka tinyongolotsi tofiira tambirimbiri, topyapyala ngati ulusi.

"Utu tukonda manzi yamene yalowa vonyansa," anatero. "Tuja twa michila itatu tufuna manzi yabwino. Tukachoka tuja, utu tubwela. Amai, timatemba tinasila liti?"

Mainess anaganiza. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono.

"Tinayamba kuyandama m'mawa, kukamwa kuli pamwamba. Kenako sitinaonekenso. Inali mvula ija... isanafike mvula imene Abraham anadwala." Anagwira dzanja la Maud. "Chaka chathunthu. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinakondwa kuti tasiya kundigirigisha."

Enos anavula chipewa chake n'kuchifinya m'manja.

"Simunali mweka, amai," anatero Ba Kasoma mofatsa. "Bonse banaona. Kunalibe chabe wobauza kuti ni uthenga."

Anapita nawo ku dzenje laling'ono la kumtunda, kumene nyumba zinali zisanafike. Kumeneko madzi anali ndi timatemba tothamanga m'magulu. Anapempha Mainess kuti atukule mwala yekha, ndipo pansi pake panabalalika tizilombo ta michira itatu tija. Pafupi ndi dzenjelo panali chitsime chakale cha anthu okumba miyala.

Anagwirizana pomwepo, ataimirira. Chitsime cha Enos chitsekedwe. Anthu azitunga ku chitsime cha kumtunda, achimangire khoma ndi chivundikiro, ndipo Ba Kasoma atenge madzi ake kukapimitsa. Amayi ochapa aziyang'ana dzenje laling'ono: ngati timatemba tayamba kuyandama m'mawa, ngati ta michira itatu tachepa pansi pa miyala, ngati tinyongolotsi tofiira kapena ndere zokhuthala zayamba kuoneka. Enos anawonjezera chake. Iye ankadziwa kuya kwa zimbudzi za m'sekishoni, popeza zambiri anathandiza kukumba. Anatenga tchizulo n'kudula mzere pa thanthwe la m'mphepete mwa dzenje.

"Madzi akafika apa," anatero, "ndiye kuti afika pansi pa zimbudzi."

"Chimozi chinganame," anatero Ba Kasoma. "Viwili vikakamba pamozi, musayembekeze chachitatu. Muuze ba cheyamani, ba cheyamani batume munthu kwa ine. Koma mvetsetsani ichi. Timatemba tingankhale moyo mu manzi yamene yangadwalitse mwana. Vizindikilo siviyeletsa manzi. Vikuuzani nthawi yothamanga. Manzi ya mwana, wilitsani masiku yonse."

"Makala sakwanira," anatero Maud.

"Mukaphula ndiwo, mbaula ikali na moto. Ikani poto ya manzi pamene apo."

Kutseka chitsime kunamuvuta Enos kuposa kuchikumba. Anakana kuthandizidwa. Anayamba watulutsa mlamba ndi ndowa, n'kuukhuthulira pa udzu. Hilda, amene anali atabwera ndi uthenga woti Maggie wayamba kuyamwa, anaima pambali.

"Mbuya, niphike?" anafunsa.

"Ngakhale inu odya anyani simungadye ameneyu."

Nsombayo inadzikoka ndi zipsepse zake pa udzu wonyowa, anthu akuonerera kukamwa kuli yasa, mpaka inagwera m'ngalande ya madzi akuda ya m'mbali mwa njira. Inasambira n'kupita. Enos anaiyang'ana mpaka inasowa.

"Munandiuza," anatero osamuyang'ana Hilda.

"Nakuuzani moseka. Nenze kufunika kukamba na bamake Abraham pa tweka."

"Ine ndinafunika kufunsa kawiri."

Anathira miyala ndi dothi mpaka chitsime chinadzaza, n'kupondaponda pamwamba.

Maggie anatuluka ku kiliniki ali wowonda ngati kamtengo, koma maso atabwerera m'malo mwake. Mainess ankamumwetsa madzi owiritsa ndi sipuni, ndipo poto wa madziwo ankakhala pakhonde, poonekera aliyense. Zotsatira za madzi a kumtunda zinabwera zabwino. Mvula inatha, chilimwe chinadutsa, Maggie anayamba kuthamangitsa nkhuku za eni.

M'chilimwe chomwecho kunabwera mabanja atsopano. Anamanga kumtunda kwa dzenje laling'ono, pamene panali udzu, ndipo monga aliyense, anakumba zimbudzi. Ba Blackson anawalembetsa m'sekishoni, nawagulitsa makadi a Chipani, osaganiza zambiri.

Mvula yotsatira itagwa kwa masabata angapo, Mainess anapita kukachapa m'mamawa, Maggie akumutsatira. Anapeza timatemba tili pamwamba, kukamwa kukutseguka ndi kutseka. Anaika beseni pansi. Anatukula mwala umodzi: ta michira itatu tiwiri tokha. Anatukula wina: tinyongolotsi tofiira. Anayang'ana pathanthwe. Madzi anali atatsala chala chimodzi kufika pa mzere wa Enos.

Madzi a m'chitsime tsiku limenelo anali mbee, opanda fungo. M'sekishoni monse munalibe mwana wodwala.

Anasiya zovala pomwepo, anabereka Maggie, napita kwa tcheyamani. Anamupeza akumeta ndevu pakhonde.

"Ba cheyamani, madzi ayamba."

"Ndani adwala?"

"Palibe."

"Ndiye chavuta ni chani, amai? Yafiira futi?"

"Sanafiire. Ndiye chifukwa chake ndabwera lero." Anamuuza zimene anaona. Ba Blackson anayang'ana sopo amene anali pa lumo lake, kenako anayang'ana mwana amene ankasuzumira paphewa la mayi ake. Anapukuta nkhope mbali imodzi isanametedwe, natuma munthu ku kiliniki.

Lisanalowe dzuwa, sekishoni yonse inali itamva. Hilda ndi Maud anayenda khomo ndi khomo: madzi onse akumwa awiritsidwe, a akulu omwe. Ba Kasoma anabwera, anatenga madzi m'botolo, nathira mankhwala m'chitsime. Chovuta chinali kulankhula ndi mabanja atsopano, amene sanamvetse chifukwa chimene anthu akudandaulira ndi madzi oyera chonchi. Mbemba wina wa ku Mufulira, Lemmy, anakana kukwirira chimbudzi chake.

"Nikwilile chifukwa cha tunsomba?" anatero. "Imwe bantu ba kum'mawa, mbeba zinakuonongani mutu."

Enos sanabwezere nthabwalayo. Anamutengera pakhomo pake n'kumuonetsa malo opondedwa aja, pamene panali chitsime. Anamuuza za madzi ofiira. Kenako anamuuza dzina la mwana wake woyamba.

"Sindikuseka, mbuya," anatero. "Mwana wanu wamng'ono uja ali ndi miyezi ingati?"

Loweruka lake amuna a m'sekishoni anakwirira zimbudzi zinayi zoyandikira dzenje, namanga zina kutali, kumunsi, zokwezeka pamwamba pa miyala ndi dothi kuti zisafike pa madzi. Lemmy anagwira fosholo limodzi nawo. Zotsatira za botolo zitabwera patapita masiku, zinaonetsa kuti chitsime chinali chitayamba kale kulandira zonyansa. Koma pofika nthawi imeneyo panalibe amene ankamwa madziwo osawiritsa.

Mvula ya chaka chimenecho inali yoopsa. Masekishoni ena ananyamula timabokosi tating'ono kupita nato kumanda, ndipo ankadutsa panjira yathu. Kwathu ana ena anatsegula m'mimba, monga zimachitikira, koma amayi ankadziwa za mchere ndi shuga, ndipo sitinaike mwana ngakhale mmodzi. Maggie sanadwale n'komwe. Nditabwerera ku Kanyama patatha zaka zambiri ndinamupeza akugulitsa tomato, mdzukulu ali kumsana, akukalipira kasitomala amene ankafinya katundu wake. Maenje aja anakwiriridwa ndi zinyalala, ndipo anthu a lero alibe poyang'ana. Zimenezo zimandiwawa. Koma Maggie alipo.

Phunziro lake ndi ili. Malo amene tikukhala akayamba kuwonongeka, amaonetsa anthu asanadwale. Nkhani ili pa chimene tasankha kuyang'ana. Musasankhe cholimba chimene chimapirira zonse, chifukwa chidzakhala chete mpaka maliro. Sankhani chimene chimavutika msanga, chimene chimakhala pamalopo chaka chonse, chimene mayi wochapa angachione ndi maso ake. Musadalire chimodzi. Gwirizanani amene aziyang'ana ndi amene aziuzidwa, ndipo mukaona kusintha itanani azaumoyo madzi akadali oyera. Wiritsani madzi akumwa, ndipo chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime.

Mwana wanu asakhale chizindikiro choyamba.